Thandala la Abiti Latif

"Alamu, mukundimva kuseri kwa nsaluko?"

A Swadick anafunsa atasendeza mpando kufupi ndi khomo la kuchipinda, pamene panali patapachikidwa chitenje. Kuseri kwa chitenjecho kunali Abiti Latif, mkazi wa mkulu wawo Che Ibrahimu, amene anali atangoikidwa m'manda sabata yomweyo. Sadaka ya tsiku lachitatu inali itatha kumene. Ashehe anali atapita, ndipo kuseri kwa nyumba amayi ankakwecha miphika ya mpunga ndi mchenga.

"Ndikumva, alamu," mawu anatuluka m'chipindamo.

Sumaiya, mwana woyamba wa malemuwo, ankatolera makapu a tiyi pamkeka. Atamva bambo ake aang'onowo akutsokomola, anachepetsa changu. Kutsokomola kumeneko ankakudziwa kuyambira ali mwana, ndipo sikunali kwa chifuwa.

"Ndi nkhani ya thandala lanu loyanikira usipa kudoko," anatero a Swadick. "Sindikufuna mudzati Swadick anakhala chete ngati sakudziwa. Lamulo mukulidziwa. Thandala likakhala mwezi wathunthu lopanda nsomba limabwerera ku komiti. Inu mwalowa eda yolira mwamuna wanu, miyezi inayi ndi masiku khumi simutuluka pakhomo pano. Ndiye ndati ndinene lero kuti musadzadzidzimuke."

Sumaiya anaika makapu pansi.

"Baba, dothi la pamanda silinaume n'komwe."

"Ndikudziwa, mwanangu. M'mandamo ndinatsika ndine kukamugoneka. Koma ine ndi tcheyamani wa Tiyanike, ndipo lamulolo sindinapange ine. Anapanga ndi bambo ako."

Pamenepo sananame. Aliyense padoko lija, chakumtunda kwa Makokola, ankadziwa kuti Tiyanike, bungwe la anthu oyanika usipa, linabadwira m'mutu mwa Che Ibrahimu zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Malamulo ake ankawerengedwa pamsonkhano uliwonse mpaka ana anawaloweza. Oluma anali awiri. Loyamba ndi lomwe a Swadick anatchulalo. Lachiwiri linkati mwini thandala asabwereketse, asachititse lendi, asaikepo waganyu ngakhale mwana wake amene si membala. Thandala la Abiti Latif linali kufupi ndi madzi, pamalo pomwe mphepo imaumitsa usipa dzuwa lisanapendeke. Ndi thandala limenelo linaphunzitsa Sumaiya mpaka kukhala majisitireti ku Ntcheu, ndipo kuyambira pamene matenda a shuga anagulitsitsa Che Ibrahimu boti lawo, ndi lomwe linkadyetsa nyumba yonse.

"Woyamba pamzere wodikira ndani?" anafunsa Sumaiya.

"Allan."

"Mwana wanu."

"Mwana wanga, inde. Wadikira zaka. Ndimuchotse pamzere chifukwa anabadwa kwa ine?" A Swadick anadzuka n'kukonza kofiya wawo. "Komiti ikumana Loweruka. Ngati uli ndi mawu, ubwere nawo kumeneko."

Atangotuluka, Sumaiya anakweza chitenje n'kulowa. Amayi ake anali atakhala pamatiresi pansi, atafunda nsalu yoyera, mikanda yopempherera ili m'manja. Ndolo anali atavula, chipini chapamphuno atavulanso. Kabowo kamene chipinicho chinasiya kanamupweteka mtima Sumaiya kuposa nyimbo zonse za pamaliro, chifukwa anali asanawaonepo amayi ake opanda chipini.

"Amayi, ashehe ndinawamvapo akunena kuti mayi wa pa eda akhoza kutuluka masana ngati alibe womudyetsa. Mungopita kamodzi pamwezi, muyanike beseni limodzi, mubwerere."

"Ashehe ananena zoona. Koma ine womudyetsa ndili naye, ndiwe. Ndikamunamize Mulungu kuti ndikufa ndi njala chifukwa cha mitengo ndi waya?"

"Si mitengo ndi waya chabe, amayi."

"Bambo ako ndakhala nawo kuyambira ndili ndi mano onse. Miyezi inayi ndiwakhalira, thandala lipite kapena lisapite."

Sumaiya ankawadziwa amayi ake. Njala sinali nkhani, malipiro ake akanatha kuwadyetsa. Koma mayi amene wadzuka mbandakucha moyo wake wonse kukalimbirana usipa ndi anzake, n'kumatsutsana ndi amalonda mpaka iwo kugonja, sangasanduke wokhala pakhonde kudikira foni kuti ilire ndi ndalama za mwana. Akanayamba kufota tsiku lomwe eda yatha. Sumaiya anali atataya kale kholo limodzi, ndipo analumbira mumtima kuti lachiwirilo sataya chifukwa cha chiganizo chimodzi cha lamulo.

"Kukhoti kwathu," anatero, "lamulo likabala chinthu chopanda mutu sitimangoti zinalembedwa basi. Timafunsa kuti amene analipanga ankafuna kuchiza nthenda yanji. Ababa sakanapanga lamulo lolanga mkazi chifukwa cholira mwamuna wake."

"Ndiye ukawafunsa kumanda?"

"Ndikafunsa amene analipo."

Amene analipo anali atatsala owerengeka. Ena anamwalira, ena anasamukira ku madoko ena kutsata nsomba. M'mawa mwake Sumaiya anakwera kabaza kupita kwa a Willard, mphunzitsi wake wakale wopuma pantchito wochokera ku Dedza, amene anali mlembi woyamba wa Tiyanike chifukwa m'masiku amenewo ndi iwo okha ankalemba zowerengeka. Anawapeza akukhoma khola la nkhuku, misomali ili kukamwa.

"Iii, a majisitireti! Ndalakwa chiyani?" Analavulira misomali m'dzanja, kenako nkhope inagwa. "Pepa, mwana wanga. Wapita munthu."

Anakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango, ndipo Sumaiya anafotokoza chimene anadzera. A Willard anaseka chapansipansi.

"Nthenda yake? Ndiikumbuka ngati dzulo. Amalonda a ku Limbe ndi ku Lilongwe anali atagwira theka la doko. Munthu amabwera ndi galimoto, amazika matandala khumi, amapita. Matandala amakhala gwaa, opanda kanthu, kudikira bwana adzabwere nyengo ya usipa wambiri. Amayi a pano amayanika pamchenga, nsomba zawo n'kumagulidwa motchipa chifukwa zikulumitsa mano. Ena amalipira lendi pa doko la makolo awo. Bambo ako anati zimenezi zithe. Thandala ndi la munthu amene akununkha nsomba."

Mtima wa Sumaiya unakhala pansi. Zimene ankafuna ndi zimenezo.

"Mukanene zimenezi Loweruka, aphunzitsi."

"Ndikanena." A Willard anayamba kusewera ndi msomali. "Koma pali china. Sindikudziwa ngati uchikonde."

"Nenani."

"Tsiku lomwe tinkapanga lamuloli ine ndinaimirira. Ndinati tiwapatule odwala, ndi oferedwa, makamaka amayi a pa eda. Ine Mkhristu, koma ndinali nditaona mmene alongo athu amakhalira m'nyumba miyezi yonseyo. Anthu ambiri anagwirizana nane. Anakana ndi bambo ako."

"Anakana?"

"Anamenya tebulo. Anati lamulo likakhala ndi khomo lakuseri, amalowera pamenepo ndi olemera. Anati lero tikapatula odwala, mawa bwana wa ku Limbe abwera ndi kalata ya dokotala, mkuja abwera ndi maliro a azakhali ake. Tinakangana mpaka ndinataya cholembera n'kutula pansi ulembi. Chaka chomwecho anandisamutsira ku Monkey Bay, ndipo tinatha zaka tisakupatsana moni wabwino."

Sumaiya anali atabwera kudzafuna bambo ake kuti amuthandize, ndipo anawapezadi, koma ataima mbali ya a Swadick. Zinamuwawa. Bambo amene ankamunyamula paphewa kupita naye ku madrasa kukaphunzira Korani anauzidwa za amayi amasiye maso ndi maso, ndipo anakana.

"Zimenezi akuzikumbuka ndi ochepa," anatero a Willard motsitsa mawu. "Swadick sanalipo tsikulo, anali panyanja. Ine ndine nkhalamba, ndikhoza kunena za amalonda n'kukhala pansi. Palibe angandifunse zambiri."

Sumaiya anatsazika, ndipo pobwerera anauza wakabaza kuti amutsitsire patali, ayende wapansi.

Loweruka anthu anadzaza shedi ya padoko mpaka ena kukhala pa mabwato ovundikira. Maliro amaitana anthu, koma mkangano wa pachibale umaitana ochuluka. Panali amayi a matandala, anyamata a pamzere wodikira, ngakhale asodzi amene nkhaniyo sinkawakhudza. Allan anakhala kumbuyo, maso ali pafoni yomwe sinali kulira.

A Swadick anatsegula msonkhano ndi pemphero la duwa. Kenako anauza anthu kuti mwana wa malemu wapempha kuyankhula m'malo mwa amayi ake.

"Koma pano si pakhoti, a majisitireti," anakuwa wina, anthu n'kuseka.

"Zikomo pondikumbutsa," anatero Sumaiya ataimirira. "Kukhoti ndimakhala pampando. Pano ndaima, ndipo ndabwera kudzapempha."

Anayankhula modekha. Anati lamulo lili ngati ukonde, woluka amakhala ndi nsomba imene akufuna kugwira, ndipo msodzi wanzeru akapeza kamba m'menemo amamubweza m'madzi. Anati iye sakupempha kuti lamulo lithyoledwe, akupempha kuti komiti ifunse chomwe opanga lamulolo ankafuna. Kenako anaitana a Willard.

Mkuluyo anafotokoza za amalonda a ku Limbe, za matandala ouma gwaa, za usipa wa mchenga. Amayi achikulire anayamba kuvomereza.

"Zoona zimenezo!"

"Eloo, tinkayanika pansi ife!"

Mphepo inali itatembenuka, ndipo aliyense anaiona. Mamembala awiri a komiti ankanong'onezana akugwedeza mitu. A Swadick ankangosisita ndevu. A Willard anamaliza, n'kuyamba kupinda mawondo kuti akhale pansi. Thandala linali m'manja mwa Sumaiya, chongofunika chinali kutseka pakamwa.

Koma pakamwapo panakana. Iye anali atadzudzulapo mboni zambiri chifukwa chonena theka la nkhani zitagwira buku lopatulika. Ndipo uyu amene ankati amuikire mawu m'kamwa anali bambo ake, munthu amene sakanathanso kudzuka kuti atsutse. Akanapambana motero, amayi ake akanayanika nsomba pa bodza mpaka imfa.

"Aphunzitsi, musanakhale," anatero. "Tsiku limenelo panalibe amene anapempha kuti amayi a pa eda apatulidwe?"

A Willard anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene ankamuyang'anira m'kalasi akalemba yankho lolondola pamalo olakwika. Kenako anawongoka n'kunena zonse, mpaka za kumenya tebulo.

Sumaiya sanagonje. Anati bambo ake ankaopa achinyengo, ndipo eda ya amayi ake si chinyengo, poti onse amene ali pano anaperekeza nawo maliro. Anati munthu akhoza kukana khomo lakuseri chifukwa cha akuba, koma osafuna kuti mkazi wake agone panja. Anayankhula mpaka mawu kusasa.

A Swadick anadzuka pang'onopang'ono.

"Mwanangu wanena zoona zonse, ndipo ndamupatsa ulemu. Tsopano ndinene zanga. Ine ndinapita ku Joni kukafuna ntchito. Pobwera ndinapeza thandala langa lili ndi mwini wina. Anapereka ndani? Achimwene anga, mimba imodzi. Ndinalira ngati mwana. Anandiuza kuti lamulo lilibe mng'ono." Anatembenukira kwa anthu. "Ndipo si ine ndekha. Akuluakulu muli pano mukukumbuka. Chaka chomwe Dinala anaferedwa mwamuna, ali pa eda, ndani ankayanika pathandala lake? Achimwene omwewo. Sanadikire n'komwe kuti mwezi uthe. Anadzalibweza pambuyo pake, anthu atayankhula kwambiri."

"Zinalikodi zimenezo," anatero mayi wina motsitsa.

"Ndiye lero khoswe wakhala pamkhate, tiziti sapheka? Wallahi, sindikudana ndi alamu anga. Koma munthu amene anapanga lamuloli ndikumudziwa kuposa nonsenu. Akanakhala pampando uno, akanachita zomwe ndikuchitazi."

Kenako kunali kuvota pokweza manja. A komiti ambiri anati lamulo likhale momwe lilili. Mwezi ukatha thandala lili lopanda nsomba, lipite kwa woyamba pamzere.

Madzulo ake Sumaiya anawafotokozera amayi ake zonse, osasiya kanthu.

"Unanena wekha za kumenya tebulozo?"

"Ndinafunsa ndine."

"Ndiwe mwana wa bambo ako. Nonse mitu ngati miyala." Anasuntha mkanda umodzi. "Za Dinala ndinawafunsapo nthawi imeneyo, anthu akutiloza zala. Anangoti nsomba zachuluka, malo achepa. Sanawonjezere."

Nkhani ya thandala inamupweteka Sumaiya, koma ya a Dinala inamubaya pena. Lamulo louma akanatha kulikhululukira. Koma bambo ake kudyerera mayi wamasiye? Sanafune kubwerera ku Ntcheu ndi funso limenelo pamtima. A Dinala sanali pamsonkhano, anali atapita ku Limbe ndi matumba a usipa, ndipo anthu ankati afika ndi lole ya m'mawa. Sumaiya anatsimikiza kuti akawapeza, amve kuchokera pakamwa pawo, ndipo ngati zili zoona awapepese m'malo mwa malemu.

Anafika padoko maboti atangokocheza. Phokoso linali la masiku onse, amayi akukuwa mitengo, anyamata akuthamanga ndi mabeseni pamutu, fungo la usipa wauwisi lili ponseponse. Anafunsa thandala la a Dinala, anamulozera kumapeto, kufupi ndi bango. Anapeza theka lokha lili ndi nsomba, mwini wake palibe. Potembenuka anaona mayi wamfupi, wonenepa, atamanga mpango wofiira, akukhuthula beseni pathandala la amayi ake.

Magazi anamukwera kumutu. Mwezi usanathe, akhwangwala afika kale? Anayenda mwachangu, nsapato zikutitimira mumchenga, koma a Swadick anamuyambirira kufika.

"A Dinala, mukutani pamenepa?"

"Ndikuyanika usipa, a tcheyamani. Kapena maso ayamba kuvuta?" Mayiyo sanadzutse n'komwe mutu. Manja ake ankamwaza nsomba pawaya mofulumira.

"Thandala ili ndi la Abiti Latif."

"Ndikudziwa."

"Akubwerekani?"

"Sindinapemphe munthu, sanandibwereke munthu. Abiti Latif ali m'nyumba, sakudziwa n'komwe kuti ndili pano."

"Ndiye wakulembani ganyu ndi mwanayu?" A Swadick analoza Sumaiya.

"Mwanayu ndinamuona komaliza akuvala yunifolomu ya sukulu. Ine ndine membala, nsomba ndi zanga, ndagula ndekha m'boti la Che Mdala. Ndiuzeni lamulo lomwe ndaphwanya, ndichotse."

Malamulowo a Swadick ankawadziwa pamtima, ndipo ankaoneka kuti akuwayendera limodzilimodzi. Anthu anali atayamba kusonkhana.

"Palibe amagwira ntchito yaulere padoko pano," anatero pomaliza. "Wakulipirani ndani?"

Apa a Dinala anawongoka n'kuwayang'ana m'maso.

"Yemwe analipira achimwene anu chaka chomwe bambo a ana anga anandisiya."

A Swadick anayang'ana thandala, anayang'ana mayiyo, kenako anayang'ana kunyanja ngati kuli wina amene angawathandize.

"Miyezi inayi mukwanitsa?" anafunsa, mawu atatsika.

"Muzibwera m'mawa uliwonse kudzaona. Ndi ntchito yanu imeneyo. Tsiku lomwe mudzapeze lopanda nsomba, muyambe kuwerenga mwezi wanuwo."

Mkuluyo anavula kofiya, anapukuta thukuta pamutu, n'kumapita. Anthu anabalalika pang'onopang'ono, aliyense ndi yake yokanena.

Sumaiya anatsala ataima ngati mzati.

"Gwira beseni ili, usangondiyang'ana," anatero a Dinala. "Thandala usakhudze, si iwe membala. Ndamva kuti dzulo unadziwotcha wekha pamsonkhano."

"Ndimafuna kudziwa chomwe ababa ankatanthauza."

"Ndiye unakafunsa aphunzitsi? Aphunzitsi anamva zomwe ananena. Ife tinaona zomwe anachita." Anatapa nsomba m'besenimo. "Ine poyamba sindinadziwe. Ndili m'nyumba, ana akubwera kudzandiuza kuti amayi, a tcheyamani akuyanika pathandala lanu. Ndinawatukwana bambo ako miyezi inayi yathunthu, pamkeka wopempherera pomwe. Ndinkati Mulungu awaone. Iwo m'mawa uliwonse akusenza okha beseni mpaka kumapeto kuja, munthu wa boti lake, tcheyamani wathunthu, anyamata akuwaseka."

Sumaiya anayang'ana usipa ukunyezimira pawaya, ndipo zinthu zinayamba kugwirana m'mutu mwake. Lamulo la bambo ake silinkawerenga nkhope ya mwini thandala, linkawerenga nsomba. Bwana wa ku Limbe akanatha kugula kalata ya dokotala, akanatha kugula waganyu, koma sakanatha kugula mnansi womusenzera beseni ulere miyezi inayi. Wokhala naye mnansi wotero ndi munthu wa padoko yekha. Khomo lakuseri analikana papepala chifukwa ankafuna kuti likhale m'manja mwa anthu. Anamva manyazi kuti anawakayikira, ndipo anawasowa kwambiri kuposa tsiku la maliro.

"Bwanji sanakuuzeni?"

"Iwe ndiwe wa malamulo, ganiza. Akanandiuza ine n'kuvomera, ndiye kuti ndabwereketsa. Thandala likanapita." Anasiya kumwaza. "Komanso ndinali mkazi wamng'ono nthawi imeneyo. Mwamuna wa mwini akamathandiza mayi wamasiye tsiku ndi tsiku, doko lino likanati chiyani? Anasankha kuti azitchedwa wakuba iwo kusiyana n'kuti ine nditchedwe dzina lina."

Sumaiya anafuna kupukuta maso, koma manja onse anali pabeseni.

"Ndikawauze amayi. Agona tulo lero."

"Usayerekeze." A Dinala anamuloza ndi chala chodzaza mamba. "Sunamve zomwe ndanena? Akadziwa n'kunena kuti zikomo, abwereketsa. Swadick ndi wouma mutu koma si wogontha. Ukafika kunyumba utseke pakamwa. Dzulo unalephera, lero uphunzire."

"Koma amva kwa anthu kuti mwalanda thandala lawo."

"Amva lero lomwe, dzuwa lisanafike pamutu. Asiye anditukwane. Ndi nthawi yanga."

Anatenga beseni lopanda kanthulo m'manja mwa Sumaiya, analigogoda pa mzati kuti nsomba zomatirira zigwe, n'kuwerama kukoka lachiwiri.

"Nanga munadziwa liti?" anafunsa Sumaiya.

A Dinala anaseka, kuseka konyowa.

"Tsiku lomwe ndinatuluka eda. Ndinabwera kuno nditamanga nsalu m'chiuno, ndakonzeka kumenyana. Ndinapeza mizati iwiri yomwe inadyedwa ndi chiswe yasinthidwa, waya wong'ambika wasokedwa. Bambo ako atandiona patali anayamba kuwola nsomba zawo, zisanaume n'komwe. Anasesa thandala lonse ndi manja. Kenako ananena mokweza, kuti doko lonse limve, amvekere, 'Tengani thandala lanuli, mayi. Nsomba siziuma bwino pano.' Anasenza beseni lawo n'kumapita, osacheuka."

Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, poti zala zinali ndi nsomba.

"Gwira bwino, mwana wa Che Ibrahimu. Dzuwa likukwera."